Tsiku Limene Ndinaperekeza Kafumbi

Mpando wanga uli pawindo. Wakhala pomwepo chifikireni ku Greenbelt kuno ku America, ndipo onse m'nyumba muno amadziwa kuti akausuntha ndimazindikira, chifukwa miyendo yake inaboola kale malo ake pakapeti. Timakhala m'mwamba, m'nyumba zosanjikizana, ndiye ndikakhala pamenepo ndimaona poimika magalimoto ponse, potayira zinyalala, pokwerera basi, ndi mitengo ya kutsidya kwa msewu, kumene kuseri kwake kuli anthu oponya zinthu kumwamba. Ndimadziwa amene amatuluka ndi chikwama chopepuka n'kubwera nacho cholemera. Ndimadziwa galu amene mbuye wake satola zimene wasiya. Anthu amati gogo uja alibe chochita. Anthu omwewo ndi amene amagogoda kudzandifunsa katundu wawo akasowa pakhomo.

Sindikhulupirira munthu. Sindinabadwe choncho, koma ndakhalitsa, ndipo amene ankandimwetulira kwambiri ku Ntcheu ndi amene ndinkawapeza ndi dengu m'munda mwanga.

M'nyumba muno muli mwana wanga wamwamuna, amene amalawirira ku Landover kosungira katundu. Muli mkazi wake, apongozi anga, amene amasamala azungu okalamba. Muli tiana tiwiri tobadwira kuno, timene timamva Chichewa chonse koma ukatiyankhula timangoti "oke, gogo" maso ali pafoni. Ndiye pali wamkulu, mtsikana amene ndinamulera ndekha kumudzi mpaka atamaliza pulaimale. Ameneyo ndiye amandiyankha ndi pakamwa podzaza. Timakangana, timanyozana, ndimamutcha mkazi mnzanga monga tichitira kwathu, iye amati ndinamulanda mwamuna. Iyenso sindimukhulupirira, koma ndimamudikira pawindo.

Anaphunzira kwambiri mtsikanayu, ndipo amagwira ntchito kuyunivesite. Chilimwe china anayamba kubwera ndi nkhope yakugwa. Amaponya chikwama pansi n'kunena mawu amodzi: "Kagwanso."

Ndinapirira masiku angapo, ndikumuona. Kenako ndinamutsekereza kukhitchini.

"Iwe, chimene chikumagwachi n'chiyani?"

"Ndi kagalasi, agogo. Mwaliona fumbi limayandama dzuwa likalowa pawindo lija? Limenelo poyerekeza ndi kathu ndi miyala. Timakagwira ndi kuwala."

"Kuwala kuli ndi manja?"

"Kulibe, koma kumakankha pang'ono. Ukakusonkhanitsa pamalo amodzi, kanthu kopepuka chonchi kamakhala pakati, osagwa, osakhudza chilichonse."

"Ndiye kakakhala pamenepo, mwapeza chiyani?"

"Timakaziziritsa mpaka kasiye kunjenjemera. Kenako tikufuna kuzimitsa kuwalako, tikasiye kokha. Pansi pano kamagwa tisanaone kanthu. Koma kumwamba, m'chombo chozungulira dziko, kamangoyandama. Kumeneko tingaone ngati kangakhale malo awiri nthawi imodzi."

Ndinasuzumira kukhomo, ndinatsitsa mawu. "Usadzanenenso zimenezo anthu akumva. Kwathu kunali bambo wina anaoneka kumaliro ku Bilila ndi kumsika wa Tsangano mmawa womwewo. Anthu anamupatsa dzina, ndipo ana ake anavutika kukwatiwa."

Anaseka mpaka kugwira firiji. "Agogo, tinthu tating'onoting'ono timachita kale zimenezo, n'zodziwika. Funso n'lakuti kanthu kakakula kufika pati m'pamene kamasiya."

"Kakakula kamachita manyazi," ndinatero. "Zimenezo n'zofunika chombo?"

Kuseka kunatha msanga. Anandiuza kuti bokosi lawo logwirira kafumbiko, limene lidzakwere m'chombo, liyenera kuyesedwa masamba asanagwe. Akaligwedeza monga chigwedezera chombo ponyamuka, ndipo likatero liyenera kugwirabe kafumbi bwinobwino. Likakanika, akuluakulu atseka ntchitoyo. Ndipo iye anali atapatsidwa kale ntchito ina kunyanja ya mbali inayo, kumene popitako ndege imauluka pafupifupi tsiku lonse.

"Mudzabwera kudzandiona," anatero.

Ndinangoona m'maganizo nyumba ino ilibe iye, ine ndi mpando wanga ndi "oke, gogo". Ndinadziwa kuti kafumbi kameneka kakagwa, ndagwa ndine.

Choncho ndinayamba kufufuza. Chinthu sichingogwa. Funso loyamba nthawi zonse ndi lakuti: wauzidwa ndani?

Yankho ndinalipeza Lamlungu. Timapemphera m'holo yobwereka, Amalawi ndi a ku Zambia pamodzi, ndipo pa nthawi ya maumboni apongozi anga anaimirira ndi chovala chawo chatsopano, natenga maikolofoni. Anauza mpingo wonse kuti mwana wawo akutumiza chinthu kumwamba, nthungululu ziyimbidwe. Zinayimbidwa. Ine ndinkayang'ana amene akuwomba m'manja mochedwa. Analipo ambiri. Mayi wina wa chipewa chofiirira anawomba ndi zala zokha.

"Amake ana," ndinatero m'galimoto, "mwachita izi kangati?"

"Chiyani, amayi?"

"Kulengeza."

"Ndi umboni, amayi. Tibise zimene Mulungu wachita?"

"Mulungu akudziwa kale, safuna maikolofoni. Mimba ndi ulendo sizilengezedwa. Inu mimba zanu munkaziimika patsogolo pa mpingo zisanaoneke?"

"Amayi, kuno ndi ku America."

"Nsanje inatsala pabwalo la ndege?"

Mwana wanga anakweza wailesi. Amatero akafuna kukhala wopanda mbali, ndipo mbali imeneyo ndimaidziwa.

Posakhalitsa kuyunivesite kunali tsiku loti abale akaone ntchito za ana awo. Mdzukulu wanga sanafune kunditenga. Ndinavala m'mawa n'kukhala m'galimoto mwake asanatsike, ndiye nkhani inatha yokha.

Pakhomo la chipinda chawo tinalandiridwa ndi mnzake wa ntchito, mnyamata wamtali wa ku Lusaka. Anagwada mwendo umodzi, anagwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Ambuya, mwauka bwanji? Nimamvela chabe mbili yanu. Lelo nakuonani na maso!"

Ulemu wochuluka chonchi kwa munthu amene sanakupatsepo kanthu. Ndinamuika pamalo oyamba mwa owakayikira, pamwamba pa mayi wa chipewa chofiirira.

Anandiveka chipewa cha pepala pamwamba pa duku, timatumba tabuluu kumapazi, ndi magalasi akuda ngati woimba gitala. M'katimo munali tebulo lalikulu lachitsulo, lodzaza ndi timagalasi toimikidwa ngati anthu pamzere wa kuchigayo. Ndinalikhudza ndi chala kuti ndione ngati ndi lolimba. Linayenda ngati bwato.

"Agogo, musakhudze!" Onse awiri anakuwa pamodzi. Akuti tebulolo limakhala pampweya kuti basi ikadutsa panja kafumbi kasamve.

Pakati panali mphika wachitsulo wotsekedwa ndi mabawuti, uli ndi kawindo. Ndinasuzumira. Munalibe kanthu.

"Kali kuti?"

Anandionetsa kadontho kobiriwira pakompyuta.

"Ine ndafunsa kafumbi, osati chithunzi. Chithunzi ngakhale ine ndili nacho cha pa pasipoti, ndikuoneka ngati munthu wokondwa."

"Kali m'katimo, ambuya, zoona," anatero mnyamatayo. "Manje sikafuna vosokoneza. Tinachosamo mphepo yonse. Kakagundiwa na kamphepo kamozi chabe, vaonongeka. Kutentha sikafuna, kugwedezeka sikafuna, phokoso sikafuna."

Apo m'pamene ndinamvetsa, ndipo ndinakwiya kuti sanandiuze poyamba m'mawu olongosoka. Kwathu mwana akabadwa amakhala m'chikuta ndi mayi ake mpaka mchombo utagwa. Salowamo aliyense, samunyamula aliyense, samuonetsa kwa odutsa, chifukwa sudziwa amene wabwera ndi chiyani m'thupi kapena mumtima. Anthu awa anamanga chikuta chachitsulo, chabwino kuposa chilichonse chimene ndinachiona, kenako anatsegula chitseko n'kuitana mzinda wonse kuti udzasuzumire. Ndiye akudabwa kuti kakugwa!

Ndinatuluka. Panja panali mpando wa matayala. Ndinaukokera pachitseko, ndinakhalapo, ndinagwira felemu ya chitseko ndi dzanja kuti usandithawitse. Chingerezi chimene ndimachidziwa bwino ndi liwu limodzi, ndipo limakwanira.

Kunabwera mayi ndi mwana m'chikuku. "No," ndinatero. Anapepesa n'kubwerera. Kunabwera anyamata atatu akutafuna. "No." Anayang'ana magalasi anga akuda ndi chipewa cha pepala, anaganiza kuti ndine wa boma, anapita. Ntchito inkayenda bwino.

Kenako kunabwera mzungu wa imvi, atavala kabudula, chisoti cha njinga kumutu, kapu ya khofi m'manja. Anandimwetulira nafuna kudutsa.

"No."

Analoza chitseko, anadziloza pachifuwa. Anandionetsa kakhadi kolendewera m'khosi. Pakhadipo panali munthu wa tsitsi lakuda bii, wonenepa masaya. Ndinayang'ana khadi, ndinayang'ana iye, ndinayang'ananso khadi.

"No."

Anaganiza pang'ono, anagwedeza mutu ngati wavomereza kuti ndanena zoona, ndipo anakhala pansi m'khonde momwemo, atatsamira khoma, akumwa khofi wake. Tinakhala choncho, ine ndi iye, mwamtendere. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndi munthu wabwino, zimene zinandichititsa kumukayikira kwambiri.

Chitseko chinatseguka kumbuyo kwanga. Mdzukulu wanga anaona munthuyo pansi, ndipo nkhope yake inachita ngati wathiridwa madzi ozizira. Anali mkulu wa ntchito yonseyo. Mkulu wa kabudula! Ndinganene chiyani? Kwathu ngakhale wolemba matikiti kuchipatala amavala thalauza.

Mzunguyo anaseka, anandigwira chanza, ananena zambiri zimene sindinazimve. Koma pobwerera mdzukulu wanga ankayendetsa galimoto atakwinya nkhope. Titaima pamaloboti ndinati, "Mkazi mnzanga, waona kuti nthawi yonse ndinali pakhomo sikanagwe?"

Anandiyankha m'Chingerezi.

Sindikudziwa chimene ananena. Chinali chachitali, ndipo ankayang'ana kutsogolo. Chibadwire chake anali asanandiyankhepo m'chinenero chimenecho. Ndinayang'ana timatumba tabuluu timene tinali tikadali kumapazi, ndikumva ngati wanyamuka kale ulendo wa kunyanja ija ine ndili pambali pake.

Masiku otsatira tinkadutsana ngati anthu obwereka nyumba imodzi. Tsiku loyesa bokosi litayandikira, anabwera yekha nakhala pakapeti pafupi ndi mpando wanga, mutu wake pabondo langa monga ankachitira ali wamng'ono.

"Agogo, mukufunadi kundithandiza?"

"Ndinayesa. Unandilipira ndi chizungu."

"Pepani. Koma mvetserani. Kanthu kameneka kamatha kukhala malo awiri pokhapokha ngati palibe chilichonse chikudziwa pamene kali. Chikangodziwa chinthu china, kamasankha malo amodzi, basi zatha. Ndiye chithandizo chachikulu ndi kukasiya. Osakafunsa, osakalondera, osakayang'ana."

"Maso amakaononga?"

"Si maso a munthu kwenikweni, agogo. Ndikunena mpweya, kutentha, kuwala kosokera."

Anapitiriza kufotokoza, koma ine ndinali nditamva zimene ndinamva. Ndinamufunsa kuti akayesera kuti. Anati kuseri kwa mitengo ija, kwa oponya zinthu kumwamba, chifukwa ndiko kuli makina ogwedezera. Ndinayang'ana pawindo. Mitengoyo inali ndendende kutsogolo kwa mphuno yanga. Miyezi yonseyi maso anga, maso amene anagwira mbala ya mbatata ili kuseri kwa chulu, anali kuloza komweko kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sindinanene kuti ndine ndinkakagwetsa, chifukwa sindikhulupirira zimenezo. Koma munthu wanzeru satsutsana ndi chinthu chimene sakuchiona.

Tsikulo litafika, onse atatuluka, ndinanyamula mpando wanga n'kuutembenuza. Msana kuwindo, nkhope kukhoma. Pakhomapo pali chithunzi cha malemu amuna anga, amenenso sindinkawakhulupirira kwenikweni. Tinayang'anizana.

Satana amadziwa tsiku lake. Sipanapite nthawi, ndinamva lole ikubwerera chammbuyo pansi pa windo langa, ikulira pii, pii, pii. Chitseko chake chinakwezedwa. Amuna anayamba kuitanizana m'chinenero chimene sindinachimvepo. Chinthu cholemera chinakokedwa pasimenti. China chinagwa n'kusweka, mayi wina anakuwa, wina anaseka. Anthu atsopano ankalowa m'nyumba ya pansi pathu, katundu wawo yense ali pabwalo poyera, tsiku lokhalo limene munthu ungadziwe mnansi wako mmene alili asanatseke makatani. Khosi langa linkatembenuka lokha. Ndinaligwira ndi manja awiri. Ndinayimba nyimbo za m'buku zonse zimene ndimazikumbukira, ndinabwereza zina. Amuna anga pachithunzi ankaoneka ngati akuseka.

Mpaka lero sindikudziwa kuti anthu amenewo ali ndi mipando yotani, ndiponso chimene chinasweka.

Dzuwa litapendeka ndinamva makiyi. Sindinatembenuke.

"Mkazi mnzanga," anatero mawu ake, m'Chichewa chathu chenicheni, "mwakwiyira khoma?"

"Nena."

"Lapambana. Analigwedeza mpaka ine mano kuwawa, titaliyatsa linagwira bwinobwino. Sindikupita kulikonse mpaka yankho litapezeka. Mundipirirabe."

Ndinamuuza kuti andithandize kubweza mpando m'mabowo ake, chifukwa maso anga anali ndi kanthu kenakake ndipo sindinkaona bwino pansi.

Anabwera ndi mnyamata wa ku Lusaka uja. Mnyamatayo anafotokoza kuti anapeza chimene chinkavuta: kagalasi kamodzi pa timagalasi tija kanali ndi bawuti yomasuka pang'ono, ndiye pampu ikalira kankanjenjemera.

"Anamasula ndani?" ndinafunsa.

"Palibe, ambuya. Imamasuka yeka."

"Palibe chimamasuka chokha." Ndinamuyang'ana mpaka anayamba kukanda khutu.

Kenako ndinafunsa zimene zinali kumtima. "Nanga iko kali bwanji? Sikanachite mantha pogwedezedwa?"

"Kati, agogo?"

"Kaja ndinakalondera pakhomo. Kobiriwira."

Anayang'anizana. Mnyamatayo analuma mlomo.

"Ambuya, kaja kanayenda kudala. Siku yamene ija kumazulo. Kakagwa timafakamo kenangu. Tili na botolo, muli twambili maningi, kuchila mchenga."

Ine ndinkakapempherera ndi dzina la mumtima mwanga, ndinkati kamwana ka mdzukulu wanga. Ndinabweza mkulu wa ntchito chifukwa cha iko. Ndinaphonya kuona katundu wa anansi chifukwa cha iko. Kani kanafa tsiku lomwelo, osandiuza, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe anavula chipewa.

"Ndiye kumwambako kukupita kati?"

"Tambiri, agogo. Bokosi lizitulutsa kamodzikamodzi, kukagwira, kukasiya, kuyeza, kenako kena."

"Tikamaliza tibwera liti?"

"Sitibwera."

Anthu ophunzira ali ndi mitima yachilendo. Kutumiza alendo ulendo wosabwerera, ambirimbiri chonchi, popanda wowatsanzika, popanda kamba, popanda wowaperekeza ngakhale kufika pamphambano. Kwathu ngakhale mlendo amene wakutopetsa, amene wadya nkhuku yako yomaliza, umamunyamulira kathumba mpaka pomwe njira igawikana. Ukapanda kutero anthu amafunsa kuti unaleredwa ndi ndani.

Ndinati tsiku lonyamuka bokosilo ndidzakhalapo. Mdzukulu wanga anatsegula pakamwa kuti akane, koma akuti mkulu wa kabudula uja atamva anati mlonda wake abwere ndithu.

Linali tsiku lozizira, masamba atayamba kufiira. Ndinakazinga mtedza, ndinathira mchere, ndinamanga m'kansalu koyera. Bokosilo analikweza m'lole yoyera ndi makina, litakutidwa ngati wodwala. Ndinapempha kuti aike mtedza pambali pake. Anakana, akuti ngakhale kakhungu ka mtedza kangawononge zonse. Sindinadabwe. Ndinaunyamula ndekha, popeza woperekeza ndiye amanyamula katundu.

Loleyo inkayenera kuyenda pang'onopang'ono mpaka itatuluka pamabampu a poimika magalimoto, ndiye liwiro lake linali langa lenileni. Ndinayenda pambali pake, dzanja limodzi lili pachitsulo chake. Mdzukulu wanga anali kumanzere kwanga atabisa nkhope m'kolala. Mnyamata wa ku Lusaka ankabwera pambuyo, ndipo mkulu uja ankakankha njinga yake, ali m'kabudula yemweyo m'chisanu chimenecho. Ophunzira ena anaona mzerewo nalowamo osadziwa kuti ukupita kuti. Galimoto ya alonda inayatsa magetsi ake n'kutitsatira.

Pageti, pomwe msewu ugawikana, ndinaima. Apa ndiye pamphambano. Ndinagogoda pachitsulo kawiri.

"Muyende bwino, ana inu. Sindikukudziwani, koma mwachokera m'manja mwa mwana wanga. Kumeneko mukakhale malo awiri ngati n'zimene akufuna, palibe akakuoneni. Koma musakafulumire."

Woyendetsa anatsitsa galasi. Ndinamupatsa mtedza, popeza kamba sabwerera kunyumba. Loleyo inalowa mumsewu waukulu n'kusowa pakati pa anzake.

"Agogo," anatero mdzukulu wanga tikubwerera, "bwanji mwati tisakafulumire?"

"Unandiuza wekha kuti udzakhala kuno mpaka yankho litapezeka."

"Ndiye mukufuna lichedwe?"

"Ine ndangotsanzika alendo. Usandiikire mawu m'kamwa."

Patapita nthawi anandionetsa pafoni moto ukukwera kumwamba, nati bokosi lili m'menemo. Foni imaonetsa chilichonse, ndiye ndinangoti chabwino. Chimene ndikudziwa ndi chakuti madzulo aliwonse galimoto yake imalowa pamalo ake, iye amatuluka, amayang'ana m'mwamba pawindo langa n'kunditulutsira lilime. Akalowa ndimamufunsa ngati tayankha. Amati ayi, manambala akubwera koma n'zovuta, pafunika nthawi. Ine ndimati pepa mwana wanga, ndi nkhope yachisoni imene ndinaiphunzira kumaliro a anthu osawadziwa.

Mpando uli m'mabowo ake. Koma ndinaupendeketsa pang'ono kumanzere, kuti mitengo ija ikhale kumbali kwa diso. Kumwamba ndiye sindiyang'anako n'komwe. Kukachita mitambo kapena kukayera, ndimamva kwa apongozi.